Chikwangwani Chodulidwa Ngodya

1. Lole ya bambo

Mumsewu wonse umene ankakhala Kadontho, nyumba ya kwawo ndiyo inkayamba kudzuka, ndipo inkadzutsanso aneba. Sikuti anthu a m'nyumbamo anali akhama kuposa anzawo ayi. Vuto linali lole ya bambo ake. Lole imeneyo inali yakale, yobiriwira, ndipo m'mawa uliwonse inkayamba yatsokomola kaye ngati nkhalamba yosuta fodya isanavomere kunyamuka. Aneba ankang'ung'udza, koma tsiku losamuka nyumba ankabwera pakhomo pomwepo kudzapempha mtengo wachibale.

Lole yomweyo ndiyo inkadyetsa banja. Ndiyo inalipira sukulu ya Kadontho mpaka anamaliza, ndipo inali ikulipirirabe alongo ake awiri aang'ono. Kadontho anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankaphunzira ntchito yolemba zikwangwani kwa mmisiri wina wachikulire. Dzina lakeli anamupatsa ndi amayi ake, chifukwa madzulo aliwonse ankabwera ndi kadontho ka penti pamphuno kapena pakhutu.

Ndiye tangoganizani mmene m'nyumba munakhalira zii tsiku limene bambo ananena kuti lole igulitsidwa Lachisanu.

Anati atopa nawo msewu, msana wayamba kuwawa, ndipo mwayi wapezeka wogula nyumba ya masitolo asanu ili pafupi ndi siteji ya mabasi. Mwini wake anali mkulu wina amene anthu ankangomutchula kuti a Jekete, poti ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Nyumbayo inali chikole kubanki. A Jekete anakongolako ndalama zambiri, ndipo chikalata cha umwini wa nyumbayo chinali m'manja mwa banki mpaka ngongole idzathe.

Amayi anafunsa kuti munthu angagulitse bwanji chinthu chimene chikalata chake alibe. Bambo anaseka, nanena kuti nzeru yagona pomwepo. Iwo apereka kwa a Jekete ndalama zonse za lole ngati zoyambira. Kenako mwezi ndi mwezi a Jekete azitolera lendi ya m'masitolo monga kale, bambo aziwonjezerapo zoperewera pogwira maganyu oyendetsa magalimoto a anthu, ndipo a Jekete azikapereka zonsezo kubanki. Pakatha zaka zisanu ngongole idzakhala itatha, chikalata nkulembedwa m'dzina la bambo.

"Koma pali chinthu chimodzi," anatero bambo atatsitsa mawu. "Nkhaniyi ithere m'nyumba muno. Banki ikangomva kuti nyumba ikugulitsidwa, iitanitsa ngongole yonse tsiku limodzi, nyumba nkulandidwa. Kadontho, wamva? Ngakhale kuntchito kwako usanene."

Kadontho analonjeza. Amayi anangoyamba kutola mbale patebulo.

Lamlungu masana bambo anamutenga kukaona nyumbayo. Masitolo anali otseka, ndiye bambo anayenda pakhonde lonse manja ali kumbuyo ngati mwini wake kale. Anamuuza kuti ayeze khoma la kutsogolo, pamene padzakhale chikwangwani chawo zaka zisanu zikadzatha. Kadontho anakwera pamgolo nayeza. Malowo anali mamita atatu ndi theka m'litali, koma pangodya ya kumanja, m'mwamba, panadutsa paipi ya madzi a mvula. Analemba m'kabuku kake kuti chikwangwanicho chidzafunika kudulidwa ngodya imeneyo kuti paipi idutse.

2. Lamulo la m'shedi

Mmisiri amene ankaphunzitsa Kadontho anali wamfupi, wa magalasi omanga ndi waya, ndipo aliyense ankangomuitana kuti Amisiri. Shedi yawo inkanunkha penti ndi palafini. Malamulo analimo ambiri, koma lalikulu linali limodzi: chikwangwani chimene mwini wake sanachipachike chinkasungidwa choyang'ana khoma, ndipo zolembedwapo sizinkanenedwa kunja. Anthu amalembetsa zikwangwani bizinesi isanatsegulidwe, ena opikisana nawo asanadziwe, ena ngakhale akazi awo asanadziwe. Mnyamata amene analipo Kadontho asanabwere anachotsedwa ntchito chifukwa cha pakamwa pomwepa.

Lachisanu m'mawa, pa nthawi imene bambo ake ankakapereka makiyi a lole kwa woigula, Kadontho anatumidwa kukapukuta fumbi pa zikwangwani zakale za kumbuyo kwa shedi. Anasuntha choyamba, anasuntha chachiwiri. Chachitatu chinali chachitali, ndipo ngodya yake imodzi inali yodulidwa bwinobwino ndi macheka.

Anaima kaye. Kenako anatulutsa tepi m'thumba nayeza. Mamita atatu ndi theka. Anatsegula kabuku kake, nayezanso ngodya yodulidwayo, ndipo manambala anafanana mpaka kasentimita komaliza. Atachipendeketsa anawerenga malembo ofiira akuti: NYUMBA YA CHIPIRIRO, NSAPATO NDI ZIKWAMA. Kumbuyo kwake kunali tsiku lolembedwa ndi choko, ndipo panali patapita miyezi isanu ndi itatu.

Mantha anamugwira. Nyumba ziwiri zikhoza kukhala ndi khoma lofanana kutalika, koma zoti paipi nayonso idutse pamalo omwewo, ayi, zimenezo sanazikhulupirire. Ndipo bambo ake anali atapangana ndi a Jekete kuti akumane 2 koloko masana omwewo.

Anapita kwa Amisiri nafunsa kuti chikwangwani chodulidwa ngodyacho chikudikira chiyani. Iwo anayankha bulashi ili kukamwa kuti mwini wake, mayi wogulitsa nsapato kuseri kwa msika, anangoti chikhale kaye mpaka adzanene, ndipo iwo sanafunse zambiri. Kadontho anazungulirazungulira, kenako anayamba kufunsa za munthu wina wake, mnzake wa mnzake, amene akufuna kugula nyumba ya chikole mwakachetechete. Bodza linali lisanamuzolowere mtsikanayu. Amisiri anayang'ana tepi ili m'dzanja lake, nayang'ana kabuku, nachotsa bulashi kukamwa.

3. Amisiri ayankhula

"Khala pansi," anatero. "Sindikufunsa kuti mnzake wa mnzakoyo ndi ndani. Ine sukulu ya ndalama sindinapite, koma ndalemba zikwangwani zaka makumi atatu, ndipo zambiri mwa izo ndazifufutanso ndekha eni ake akulira. Nyumba ya chikole imagulidwa, sikuti ayi. Ndaona wogula ndi wogulitsa akupita kubanki limodzi, ngongole nkusamutsidwira m'dzina la wogula, banki ikuona. Ndaona ena akugwirizana kuti lendi imene akulipira izichotsedwa pa mtengo wa nyumba, koma loya alipo, ndipo ndalamazo akukapereka okha pawindo la banki nkulandira lisiti la chidindo. Ndaonaponso amalonda asanu akusonkherana, aliyense nkutenga chipinda chake. Njira zilipo, ndipo zonsezo zimayenda masana.

"Koma munthu akakuuza kuti ndalama undipatse ine ndikakuperekere, ndipo usauze aliyense, uyambe wadzifunsa kuti chinsinsicho chikuteteza ndani. Akapanda kukapereka kubanki, iwe udziwa bwanji? Akamwalira mawa, ana ake adzakudziwa? Chikalata chili m'dzina lake. Ngongole ili m'dzina lake. Lendi akutolera ndi iye. Nanga iwe wagula chiyani? Wagula lonjezo basi. Ndipo lonjezo munthu angathe kuligulitsa kwa anthu khumi, nyumba ili imodzi yomweyo."

Kadontho anapempha kuti angoimbira foni bambo ake awauze zimene waona. Anazindikira mawu atatuluka kale kuti wadziulula.

Amisiri anapukusa mutu. "Za chikwangwanicho sizituluka muno, ngakhale kwa bambo ako. Mayi uja anandikhulupirira ine, ndipo chikhulupiriro chimenecho ndicho chimatidyetsa tonse awiri. Ukatero, mabulashi anga uwasiye patebulopo. Komanso bambo ako ukawauza za ngodya ya thabwa adzangokuseka. Munthu amene mtima wake wakhala kale m'nyumba samva za masentimita. Koma nkhani ya kwanu si yanga. Imeneyo ili m'kamwa mwako, ndipo woti auzidwe usankha wekha."

Atatero anapisa m'thumba natulutsa ndalama. Anati penti wofiira watha, akagule, ndipo asafulumire kubwerera. Pashelefu panali zitini zitatu za penti wofiira zosatsegula nkomwe. Sitolo ya penti inali kuseri kwa msika.

Njira yonse Kadontho ankayenda ngati wasenza katundu. Anali asanaswepo lonjezo kwa bambo ake chibadwire. Ndipo ngati mayiyo akanakhala kuti anagula nyumba ina, ndiye kuti iye akanakhala ataulula chinsinsi cha banja kwa mlendo popanda chifukwa. Pa sitolo ya penti anadutsa osalowa.

4. Mayi wa nsapato

Sitolo ya nsapato inali yopanikizana, mabokosi mpaka kudenga. Mwini wake anali mayi wamkulu thupi, wa maso akuthwa, ndipo anali akulongedza nsapato za ana asukulu. Kadontho anapereka moni, nadikira kuti kasitomala atuluke, kenako ananena nkhani yake mwachidule. Anati bambo ake agulitsa lole lero kuti agule nyumba ya masitolo asanu ya pafupi ndi siteji, kwa a Jekete, mwachinsinsi, ndipo ndalama zikuperekedwa 2 koloko.

Mayiyo sanasiye kulongedza. Anangofunsa mozizira kuti nkhani imeneyo ikumukhudza bwanji iye.

"Sindikudziwa ngati ikukukhudzani, mayi," anatero Kadontho. "Ndangoti mudziwe."

"Wakutuma ndani? A banki? Kapena a Jekete akufuna aone ngati pakamwa panga pali potseka?"

Kadontho anati sanatumidwe ndi munthu. Mayiyo anafunsa kuti nanga mwa anthu onse a mumsika wasankha bwanji iye. Kadontho anayankha kuti zimenezo sangathe kunena. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, maso ake nkuima pa penti imene inali pakhutu. Anasiya bokosi lija pansi mwapang'onopang'ono.

Anatseka chitseko cha sitolo, nasolola chitini cha mabisiketi pansi pa kauntala. M'katimo munali pepala la mgwirizano ndi malisiti asanu ndi atatu. Anati iye anagulitsa puloti imene anamusiyira malemu mwamuna wake, ndipo mwezi uliwonse wakhala akupereka ndalama kwa a Jekete osaphonya. Ngakhale mwana wake weniweni sankadziwa. Kadontho anayang'ana malisitiwo limodzi limodzi. Onse anali olembedwa pamanja, ochokera m'kabuku kogula m'sitolo, ndipo panalibe ngakhale limodzi lokhala ndi chidindo cha banki.

Mayiyo anakhala pampando woyesera nsapato, nagwira mutu. Sanalire. Patapita kanthawi anafunsa nthawi, ndipo Kadontho anati yatsala pang'ono kukwana 2 koloko. Mayiyo anavula nsapato zazitali zimene anavala, navala zafulati, nanyamula chitini chake.

5. Envulopu patebulo

Ofesi ya a Jekete inali kachipinda ka kumbuyo kwa nyumba ya masitolo ija. Munali tebulo, mipando itatu ndi fani yosazungulira. Bambo a Kadontho anali atakhala atavala malaya awo a kutchalitchi, ndipo patebulo panali envulopu yakhaki yonenepa. A Jekete anali akuwathirira tiyi.

Bambo ataona mwana wawo akulowa ndi mlendo, nkhope yawo inasintha. Anamufunsa kuti akufuna chiyani, ndipo mayiyo ndi ndani. Kadontho anayankha maso ali pansi kuti waswa lonjezo lija, ndipo apepesa kunyumba, koma ayambe amvera kaye mayiyu.

Mayi wa nsapato sanataye nthawi. Anayala malisiti ake patebulo, pafupi ndi envulopu, nafunsa a Jekete kuti nyumba imene iye wakhala akulipira miyezi isanu ndi itatu ndi iti.

Munthu wina akanachita chibwibwi, koma a Jekete anamaliza kaye kuthira tiyi. Anamwetulira, nanena kuti apa pangokhala kusamvana kwakung'ono. Anati mayiwa anagula masitolo awiri a kumanzere, bambo a Kadontho akugula atatu a kumanja, ndipo iwo anali akudikira tsiku labwino loti awadziwitsane. Anayankhula mokoma moti bambo a Kadontho anayamba kugwedeza mutu. Mayiyo anatambasula pepala lake la mgwirizano naloza ndi chala pamene panalembedwa kuti nyumba yonse. A Jekete anati amene anataipa ndiye analakwitsa.

Apa Kadontho anadzutsa mutu. Anayang'ana bambo ake.

"Banki sinatseke, bambo. Tiyeni tonse anayi tipite, akationetse kuti ngongole yatsala zingati, ndiponso ngati ndalama za mayiwa zinafika. Zikakhala bwino, mukapereke envulopuyo komweko."

A Jekete anatembenukira kwa bambo ake. "Achimwene, kodi kwanu amalamula ndi ana? Mwanayu akufuna tonse titaye. Tikangoponda pabanki paja, nyumba yapita. Ine ndinakusankhani chifukwa ndinaona kuti ndinu munthu wosunga mawu."

Akuyankhula choncho, dzanja lawo linali likuyenda pang'onopang'ono patebulo kulunjika pa envulopu. Bambo a Kadontho analiona. Anayendetsa lole zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuona chinthu chikubwera chisanafike. Anaika chikhatho chawo pa envulopuyo, nafunsa funso limodzi lokha, loti a Jekete awaonetse lisiti lililonse la kubanki la chaka chino.

A Jekete anatsegula dirowa, natseka. Anati malisiti ali kunyumba, abwera nawo Lolemba. Thukuta linali litayamba kutsikira m'kolala ya jekete.

Bambo anaimirira, naika envulopu m'thumba la m'kati mwa malaya. Mayi wa nsapato anakokera mpando pachitseko nakhalapo, nanena kuti iye sachoka mpaka amve kumene kunapita puloti ya mwamuna wake. Kadontho anamumvera chisoni kwambiri, koma bambo ake anali atatuluka kale, ndipo anawatsatira.

6. Wapansi

Anabwerera kunyumba wapansi. Kadontho sankakumbukira tsiku lina limene anayendapo wapansi ndi bambo ake mtunda wautali chotere. Iwo anali patsogolo, iye pambuyo. Ankayembekezera kukalipiridwa chifukwa cha lonjezo, ndipo pansi pa mtima ankayembekezeranso kamawu koyamikira. Zonse ziwiri sizinabwere.

Anayesa kuwalimbitsa mtima. Anati ndalama zapulumuka, ndipo mwina wogula lole uja angavomere kuibweza mawa akamuwonjezera pang'ono. Bambo anangopitiriza kuyenda. Anadutsa sitolo ya mankhwala, anadutsa pamalo otchajira mafoni, mpaka anafika pakona ya msewu wawo. Pamenepo bambo anaima.

"Lole sibwerera," anatero. "Envulopu iyi ndi yachiwiri."

Kadontho sanamvetse. Bambo anafotokoza maso ali kumbali. Wogula lole anapereka theka la mtengo sabata yatha, ndipo a Jekete atamva anati pali munthu wina akulimbirana nawo nyumbayo, choncho ndi bwino kugwiriziza msanga. Iwo anapereka theka lonselo tsiku lomwelo. Analandira kalisiti kolemba pamanja, ndipo anakasolola m'chikwama kuti amuonetse. Kanali kochokera m'kabuku komwe kaja.

Kadontho anakayang'anitsitsa kalisitiko. Anakwiya nawo bambo ake, ndipo nthawi yomweyo anawamvera chisoni, chifukwa anali asanawaonepo akuoneka ochepa chotero.

"Amayi ako sakudziwa," anatero bambo. "Ndipo asadziwe kaye. Ndipatse mpaka Lolemba, ndikazitenga ndekha. Wanditsegula m'maso lero, mwana wanga, sindikukana. Koma ichi chokha undisungire."

Sanadikire yankho. Anayamba kuyenda, ndipo Kadontho anawatsatira mpaka pageti. Pabwalo, pamene pankagona lole, panangotsala banga lakuda la oilo. Alongo ake anali atayamba kale kuseweretsapo mpira.

Amayi anali pakhomo akupukuta manja pa epuloni. Anayang'ana mwamuna wawo, ndipo bambo ananena msangamsanga kuti za nyumba zalephereka koma ndalama zabwerera, nagunda pathumba la malaya kuti amve kulemera kwake. Amayi anapumira m'mwamba, nathokoza Mulungu. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, amene nthawi imeneyo amayenera kukhala ali kuntchito.

"Iwe unali komweko?" anafunsa. Kadontho anavomera ndi mutu.

"Ndiye undiuze ndiwe. Zabwerera zonse?"

Bambo anasiya kumasula zingwe za nsapato, nayang'ana Kadontho.